Sipuleyi yapepo, dipi ndi ivermectin: n'chiti chimathandizadi galu wodzikanda kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu?

Munthu akalowa m'sitolo ya zipangizo zaulimi pa Dedza boma, pa Lizulu kapena pa Ntcheu n'kudandaula kuti galu wake akudzikanda mpaka watuluka chilonda, kawirikawiri amatulukamo ndi chimodzi mwa zinthu zitatu: kachitini ka sipuleyi yapepo, botolo la dipi ya amitraz, kapena ivermectin wobaya. Zonsezi anapangira ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Pa galu zimagwira ntchito ndithu, koma chilichonse chili ndi matenda ake, ndipo chomwe chimayenda malonda kwambiri, sipuleyi ija, n'chomwe chimathandiza pang'ono pa vuto lomwe anthu amachigulira.

Tigwirizane kaye za chilonda chomwe tikunena. Madokotala a ziweto amachitcha hot spot. Madzulo galu anali bwinobwino, kukacha mwapeza pa tsaya, pansi pa khutu, pa ntchafu kapena pamwamba pa mchira pali malo onyowa, ubweya wamatana ngati wathiridwa phala. Mukapatula ubweyawo mumapeza khungu lofiira psuu, lotentha, likuchucha timadzi tachikasu tonanda, ndipo fungo lake limamveka musanaweramire. Kamalo komwe m'mawa kanali masentimita 2 kamatha kufika masentimita 10 dzuwa lisanalowe. Chilondachi galu amadzipatsa yekha. China chake chimamuyabwa, iye n'kulowetsapo mano ndi zikhadabo, khungu n'kusupuka, ndiye mabakiteriya a Staphylococcus omwe amakhala pakhungu nthawi zonse amapeza chinyezi ndi kutentha n'kuswana. Akaswana kuyabwa kumawonjezeka, galu n'kukandanso.

Malo omwe chilonda chatulukira amaulula chomwe chinayambitsa. Pamwamba pa mchira ndi kumbuyo kwa ntchafu, ganizani utitiri. Pa tsaya ndi pansi pa khutu, nunkhizani m'khutumo, nthawi zambiri mumakhala mukuwola. Agalu aubweya wambiri, makamaka a German Shepherd ndi osakanizidwa nawo amene anthu amakonda kuweta kuti azilondera, ndiwo amavutika kwambiri kumtunda kuno. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, komanso masiku a nkhungu ndi mawawa ku Bembeke kapena ku Tsangano, galu wotere amauma pamwamba pokha, ubweya wapansi uli chinyowere. Kumunsi kotentha, ku Golomoti, Mtakataka ndi Sharpevale, vuto lalikulu ndi utitiri ndi nkhupakupa zomwe sizipuma chaka chonse.

Sipuleyi yapepo

M'chitinimo muli zinthu ziwiri: oxytetracycline wopha mabakiteriya, ndi GV yemwe uja timamudziwa kuchipatala, amene amaumitsa bala n'kupereka mtunduwo. Pa ntchito yomwe anaipangira sitikuidandaula. Mwafula mwana wa ng'ombe, mbuzi yadzicheka pa waya, ng'ombe yayamba kuwola mapazi m'matope a dzinja, poperani. Ngakhale galu akadulidwa ndi lata, kabala kakang'ono koyera, ikukwanira. Ndi yotsika mtengo, imakhalitsa, ndipo mtundu wake umaonetsa pomwe mwapopera kale.

Pa chilonda chonyowa ndiye imagwa nayo. Anthu amapopera pamwamba pa ubweya womatana uja. Utoto umakhala pamwamba, n'kuuma, n'kupanga chikhokho cholimba, pansi pake mafinya akupitiriza kudya khungu popanda mpweya. Pakapita masiku atatu mukatukula chikhokhocho mumapeza chilonda chafalikira, ndipo ntchentche zikapeza polowera mumapezamo mphutsi. Mtundu womwewo ndi vuto linanso. Pofuna kudziwa ngati chilonda chili pamwamba pokha kapena chalowa mkati, timayang'ana tiziphuphu tofiira m'mbali mwake, ndipo utoto umatibisa tonse. Dokotala akalandira galu wapepo kuyambira kukhutu mpaka paphewa amayamba ndi kutsuka, koma GV sachoka lero lomwelo.

Ndiponso sipuleyi sichepetsa kuyabwa ngakhale pang'ono, pomwe kuyabwa ndiye gwero la chilondacho. Imaluma pa khungu losupuka, ndipo kaphokoso kake pafupi ndi khutu kamachititsa galu kuthawa, moti mawa akangoona chitini m'manja mwanu simumugwiranso. Mabakiteriya ambiri a pakhungu la agalu anazolowera kale mankhwala a gulu la tetracycline. Galu amanyambitanso zomwe mwapoperazo, ndipo si nkhani yoinyozera: mu 2019 dziko la Canada linachotsa pamsika mankhwala okhala ndi GV poopa khansa. Chigamulo chathu n'chakuti ikhale m'nyumba chifukwa cha mabala wamba, koma pa chilonda chonyowa isakhale chinthu choyamba kugwira.

Choyamba kugwira ndi sizasi. Koma musanayambe, mangani galu kukamwa, ngakhale ndi wofatsa chotani, chifukwa chilondachi chimapweteka koopsa. Ng'ambani chitenje chakale mzere wotalika mita imodzi, zungulizani kawiri pamphuno, mangani mfundo pansi pa chibwano, kenako pititsani nsonga zake kuseri kwa makutu n'kumanganso. Wina amugwire atamugoneka cham'mbali. Asakhale womangidwa kupitirira mphindi 15, ndipo akayamba kusanza kapena kupuma mobanika masulani msanga.

Nyowetsani kansalu koyera m'madzi ofunda amchere, supuni imodzi ya tiyi mu theka la lita la madzi owiritsa, n'kukaika pachilondapo mphindi 5 kuti zomatana zifewe. Kenako metani. Sizasi igone pakhungu, nsonga isaloze pansi. Lezala ayi, amapala khungu lomwe latupa kale. Metani mpaka mutapeza khungu labwino, n'kupitirirabe masentimita 3 mbali zonse. Pafupifupi nthawi zonse chilonda chimapezeka chachikulu kuposa momwe chimaonekera, ndipo cholakwa chomwe anthu ambiri amachita n'kumvera galu chisoni n'kumeta pakatikati pokha. M'mbali mosametamo ndi momwe chimafalikira usiku.

Mankhwala otsukira abwino koposa sali m'sitolo ya zaulimi, ali ku famase: chlorhexidine. Amabwera m'mitundu iwiri ndipo muwerenge botolo. Wa 4% wochita thovu, amene amasambira m'manja kuchipatala, mumapaka ndi madzi pang'ono, kusiya thovulo mphindi 5 mpaka 10, n'kutsukuluza bwino. Mphindizo si zongotayitsa nthawi, mankhwalawa akatsukidwa nthawi yomweyo sapha kanthu. Wa 5% wosachita thovu mumasungunula 10 ml mu lita imodzi ya madzi owiritsa, n'kutsuka osatsukuluza. Asalowe m'maso kapena m'kati mwa khutu. Akasowa, Betadine wa 10% amalowa m'malo: gawo limodzi pa magawo 9 a madzi. Zonse zikasowa, madzi amchere aja okha, pa chilonda chometedwa bwino, amaposa sipuleyi yopopera pa ubweya.

Umitsani posindikiza ndi nsalu youma, osakhula. Kenako chisiyeni poyera. Bandeji ayi, Vaseline ayi, mafuta ophikira ayi, chifukwa chilonda chomwe chinabadwa ndi chinyezi chimapola ndi mpweya. Tsukani m'mawa ndi madzulo kwa masiku 5 mpaka 7. Ngati mukufunabe sipuleyi ija, nthawi yake ndi ino: kamodzi patsiku, pang'ono, chitini chili masentimita 20 kuchokera pakhungu, dzanja lina litatchinga maso.

Ntchito yonseyi imawonongeka m'mphindi ziwiri galu akafikirapo ndi mano. Makolala apulasitiki a kwa dokotala sapezeka wamba kuno, koma kandowa kapulasitiki kopepuka kamagwira ntchito yomweyo. Dulani pansi pake bowo lokwana mutu, kutani m'mphepete mwa bowolo ndi tepi kapena nsalu kuti musacheke khosi, boolani timabowo tinayi n'kumangirira ku lamba wa m'khosi. Mlomo wa ndowayo upitirire mphuno pang'ono, apo ayi afikirabe. Mbale ya madzi muiike pamwamba pa njerwa kuti azitha kumwa. Chilonda chikakhala pa tsaya, chomwe chimawononga ndi phazi lakumbuyo, ndiye livekeni sokosi yomangidwa ndi tepi mosathina. Kirimu wa hydrocortisone wa 1% wopaka mopyapyala kawiri patsiku amaziziritsa kuyabwa ngati galu sangathe kumunyambita. Makirimu oyeretsa khungu a pamsika musayese, ambiri ali ndi mankhwala amphamvu omwe amapyapyalitsa khungu n'kulimbikitsa mabakiteriya.

Zikayenda bwino, tsiku lachiwiri kuchucha kumasiya, lachitatu kufiira kumazilala n'kubwera nkhanambo youma yopyapyala. Ubweya umayamba kumera pakatha milungu iwiri kapena itatu. Koma ngati mutameta mwaona tiziphuphu tabalalika kuzungulira chilonda, khungu lakhuthala, mukafinya pakutuluka mafinya osakanikirana ndi magazi, dziwani kuti chalowa mkati. Pamenepo kutsuka kokha sikukwana. Pamafunika mapiritsi monga cephalexin kwa milungu itatu kapena kuposerapo, pa mlingo wolembedwa ndi dokotala, ndipo kusiyira panjira chilonda chikangooneka bwino ndi komwe kumachibweretsanso chitakwiya.

Dipi ya amitraz

Iyi ndi ija imagulitsidwa ndi mayina monga Triatix ndi Taktic, ya mphamvu ya 12.5%. Pa nkhupakupa ndi mphere ndi mankhwala enieni, ndipo botolo limodzi laling'ono limasambitsa agalu a mudzi wonse. Pa utitiri ndi yofooka, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama: amasambitsa mlungu ndi mlungu, galu akudzikandabe, iwo n'kumawonjezera mlingo mpaka galuyo aledzere.

Mlingo wake ndi 2 ml pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza 10 ml mu malita 5. Yezani ndi sirinji, osati chivindikiro cha botolo. Valani magulovesi, chitirani panja, nyowetsani thupi lonse ndi siponji mpaka madzi afike pakhungu, osathira m'maso ndi m'kamwa. Osatsukuluza, osapukuta, aume yekha. Pa mphere bwerezani pakatha masiku 7 aliwonse, kanayi kapena kasanu ndi kamodzi. Kuno kumtunda nthawi ya tsiku ndi yofunika. Amitraz amatsitsa kutentha kwa thupi n'kuchedwetsa mtima, ndiye kusambitsa galu mamawa wa mu Juni pa Dedza boma n'kumuika pangozi kawiri. Dikirani dzuwa la masana, kopanda mphepo.

Dipi isakhudze chilonda chonyowa kapena khungu losupuka, chifukwa pamenepo imalowa m'magazi mwachangu. Poletsani chilonda kaye. Siyoyenera ana agalu osakwana miyezi inayi, agalu a bere kapena oyamwitsa, tiagalu tating'ono ta mtundu wa Chihuahua, ndi amphaka. Munthu wodwala shuga asasambitse ndiye, apatse wina. Amene muli ndi abulu okoka ngolo, madzi otsala musawathire, amitraz amaumitsa m'mimba mwa bulu ndi hatchi mpaka kupha. Galu kugona tulo tambiri tsiku lomwe wasamba zimachitika. Koma akamadzandira, kuzizira thupi, kusanza kapena kulephera kudzuka, musambitseni ndi sopo ndi madzi ofunda ambiri, mufunditseni, n'kuthamangira kwa dokotala.

Chinthu chimodzi chimatidetsa nkhawa kuposa dipi yeniyeniyo: timabotolo topanda chizindikiro tomwe timagulitsidwa masiku a msika, totsanulidwa kuchokera m'chigubu china. Simungadziwe ngati muli amitraz, cypermethrin kapena mankhwala opopera tomato, komanso mphamvu yake. Amitraz akakhalitsa m'botolo lotsegula amawonongeka n'kusanduka woopsa kuposa watsopano, ndipo wosungunula kale sagonekedwa. Gulani botolo lomata, la deti lowerengeka. Kumalire kuno mumapezekanso mabotolo olembedwa Chipwitikizi, ndiye onetsetsani nambala ya peresenti musanasungunule.

Ivermectin

Jakisoni ameneyu watchuka moti galu aliyense wodzikanda amabayidwa. Pa mphere yoyabwa amachita zodabwitsa. Pa utitiri sachita kalikonse, ndipo chilonda chonyowa sachipoletsa.

Mphere yoyabwa imadziwika ndi malo ake: m'mphepete mwa makutu, pa zigongono, pa mfundo za miyendo yakumbuyo ndi pamimba, khungu louma la nkhanambo, galu akudzikanda usiku wonse osagona. Tikitani m'mphepete mwa khutu pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mwendo wakumbuyo ukayamba kupalasa wokha, mwina ndi imeneyo. Imafalikira kwa agalu ena, ndipo anthu a m'nyumbamo amatuluka tiziphuphu toyabwa m'manja ndi pamimba tomwe timatha galu akachira. Palinso mphere ina ya ana agalu, yothothola ubweya kuzungulira maso, pakamwa ndi miyendo yakutsogolo popanda kuyabwa kwenikweni. Imeneyo siyopatsirana, chithandizo chake n'chachitali, ndipo jakisoni mmodzi kapena awiri saithetsa.

Ngozi ya ivermectin ili pa mlingo. Wa 1% ali ndi 10 mg mu 1 ml iliyonse. Pa mphere yoyabwa galu amafunika pafupifupi 0.3 mg pa kilogalamu, ndiye wa makilogalamu 10 amalandira 0.3 ml, wa makilogalamu 20 amalandira 0.6 ml, pansi pa khungu, kubwereza pakatha masiku 14, kawiri kapena katatu. Mlingo wotere suyezeka ndi sirinji ya ng'ombe ya 10 ml, pamafunika ya 1 ml. Zomwe zimachitika m'midzi n'zakuti kamwana ka galu ka makilogalamu 4 kamabayidwa 1 ml yathunthu, kuposa kasanu ndi katatu mlingo wake. Pakapita maola angapo maso atong'oka, dovu likuchucha, kakunjenjemera, kakugunda zinthu ngati kakhungu. Mankhwala obwezera palibe, kumangokhala kukasamalira mpaka poizoni athe, ndipo ena sadzukanso. Agalu a mtundu wa Collie ndi abale awo amatha kufa ngakhale pa mlingo woyenera, ndipo vuto lobadwa naloli limapezekanso mwa ena a German Shepherd. Ivermectin wa ng'ombe wosakaniza ndi mankhwala ena otchedwa clorsulon, wolembedwa Super, si wa agalu.

Kulemera kwa galu musamangoganizira. Sikelo yopachika yomwe amayezera mbatata ndi nyemba ikukwana: mukulungeni m'chitenje, mutu uli kunja, n'kupachika. Ndipo wobaya akhale mlangizi wa ziweto. Timamupatsa malikisi apamwamba jakisoniyu akakhala m'manja odziwa, pa matenda ake. M'manja mwa aliyense, pa kuyabwa kulikonse, wapha agalu omwe akanachira ndi sopo.

Zomwe zimaphadi utitiri

Zilonda zonyowa zambiri zimayamba ndi utitiri, ndipo palibe chimodzi mwa zitatu zija chomwe chimauthetsa. Mwini galu amatha kulumbira kuti wake alibe. Muimikeni pa pepala loyera lonyowa, pesani pamwamba pa mchira, yang'anani tinthu takuda tomwe tagwa. Tikasungunuka n'kufiira, ndi ndowe za utitiri, magazi a galu wanu. Galu amene thupi lake limadana ndi malovu a utitiri amadzikanda mlungu wathunthu atalumidwa kangapo kokha. Mukaonanso tizidutswa toyera tokhala ngati mpunga pa ndowe zake, ndi njoka za m'mimba zobwera ndi utitiri womwewo, ndipo zimafuna praziquantel.

Mankhwala odonthezera pakhosi a fipronil, monga Frontline, amagwira mwezi umodzi pa utitiri ndi nkhupakupa. Patulani ubweya pakati pa mapewa, donthezani pakhungu lenileni. Galu asasambe masiku awiri musanaike ndi masiku awiri mutaika, chifukwa mankhwalawa amayenda ndi mafuta a pakhungu. Ambiri omwe amati sagwira ntchito amakhala atasambitsa galu ndi sopo wochapira m'mawa womwewo. Akalulu musawaike, amafa nawo.

Mapiritsi otafuna, Bravecto wa milungu 12 ndi NexGard wa mwezi umodzi, ndiwo timawaika patsogolo pa zonse. Amapha utitiri, nkhupakupa ndi mphere za mitundu yonse iwiri, mvula siwasukulutsa, ndipo palibe zosungunula zomwe munthu angalakwitse. Bravecto amabwera motengera kulemera, mwachitsanzo makilogalamu 10 mpaka 20 kapena 20 mpaka 40, ndipo amaperekedwa ndi chakudya. Osagawa piritsi limodzi kwa agalu awiri. Galu amene anagwapo khunyu, funsani dokotala kaye. Kuipa kwake ndi mtengo ndi mtunda: ndi okwera kwambiri, ndipo kawirikawiri mpaka mupite ku zipatala za ziweto ku Lilongwe, monga cha bungwe losamalira nyama la LSPCA, ulendo wa makilomita oposa 80 kuchokera pa Dedza boma. Komabe amene ali ndi galu yemwe chilonda chimamubwerera dzinja lililonse awerengere zitini za sipuleyi, mabotolo a dipi ndi majakisoni omwe wagula chaka chathachi, aone ngati sizikufanana.

Mankhwala alionse mungasankhe, utitiri womwe uli pa galu ndi kagawo kochepa chabe. Waukazi umaikira mazira mpaka 50 patsiku, mazirawo amagwera pomwe galu amagona, ndipo ana ake amabisala m'fumbi, ena kudikira miyezi asanatuluke. N'chifukwa chake chithandizo chiyenera kupitirira miyezi itatu mosadukiza, pa agalu ndi amphaka onse a pakhomo nthawi imodzi. Chiguduli chogonera chichapidwe m'madzi otentha mlungu uliwonse n'kuyanikidwa padzuwa, kapena chiotchedwe. Sesani khola lake, zinyalalazo mutenthe, ming'alu ya pansi muitseke ndi dothi kapena simenti. Ngati galu amagona pafupi ndi khola la nkhuku, yang'anani m'mphepete mwa makutu ndi kuzungulira maso: utitiri wa nkhuku umakakamira pamenepo mulumulu osadumpha. Umenewo Vaseline amaupha poutsekera mpweya, koma khola la nkhuku likapanda kukonzedwa ubweranso.

Pali chotupa china chomwe anthu amachisokoneza ndi chilonda chonyowa n'kuchipopera sipuleyi, makamaka mwa ana agalu nthawi ya mvula. Ndi timatuza tolimba pamimba, m'nthiti ndi m'mapazi, kalikonse kali ndi kabowo pakati. Mukayang'anitsitsa mumaona kanthu koyera kakusuntha m'kabowomo. Ndi mphutsi za ntchentche ija imaikira mazira pa dothi la mumthunzi lonyowa ndi mkodzo, yomweyo imaikira pa zovala zoyanikidwa. Apa ndiye Vaseline ndi mankhwala: matani kabowoko, dikirani mphindi zingapo mphutsi isuzumire kufuna mpweya, finyani kuchokera pansi ndi zala ziwiri ituluke yathunthu, n'kutsuka ndi chlorhexidine. Ikaphulikira mkati pamatukusira. Sunthani malo ogona, ana agalu agone pouma.

Za oyilo wakuda wa galimoto yemwe ena amapaka galu wa mphere tinene mosabisa: amawotcha khungu, galu amamunyambita, ndipo mphere imatsala. Fumbi la Actellic ndi la chimanga m'nkhokwe, osati la pa nyama yamoyo, ndipo Actellic Super ali ndi permethrin yemwe amagwetsa mphaka khunyu mpaka kufa. Mankhwala opopera mbatata ndi tomato, omwe kuno sasowa pakhomo lililonse, asayandikire chiweto.

Amphaka amafuna kusamala kwapadera chifukwa chiwindi chawo sichitha kuchotsa mankhwala ambiri omwe galu amapirira. Dettol, Jeyes Fluid, Panado ndi mankhwala odonthezera agalu okhala ndi permethrin, zonsezi zimapha mphaka. Mphaka wa utitiri sachita chilonda chachikulu kawirikawiri, amachita tinkhanambo ting'onoting'ono pakhosi ndi pamsana tomwe mumatimva ndi dzanja musanatione. Fipronil wolembedwa kuti ndi wa amphaka amakwana. Mukaona malo ozungulira othothoka ubweya, ouma, pankhope kapena m'makutu, n'kutheka ndi zipere, ndipo ana omwe amamunyamula amatengera.

Chakudya tingochitchula mwachidule. Galu wa nsima ya gaga yokha amakhala ndi khungu louma losachedwa kusweka. Kadzanja ka usipa kapena bonya wosathira mchere wambiri tsiku lililonse, ndi dzira lophika kawiri kapena katatu pamlungu, zimasintha ubweya pakatha mwezi umodzi kapena iwiri.

Thandizo lomwe anthu saligwiritsa ntchito mokwanira ndi la alangizi a ziweto a boma, omwe amapezeka m'maofesi a zaulimi a m'madera (ma EPA) monga Linthipe, Lobi, Mayani, Njolomole, Nsipe ndi Kandeu. Ntchito yawo yaikulu ndi ng'ombe, mbuzi ndi katemera wa chiwewe, ndipo mankhwala a agalu nthawi zambiri mumagula nokha. Koma amadziwa kusiyanitsa mphere ndi utitiri, amadziwa kuwerengera mlingo, ndipo ali pafupi. Popita tengani botolo kapena chitini cha chilichonse chomwe mwagwiritsa kale ntchito, nenani tsiku ndi mlingo mosabisa, chifukwa galu yemwe wasamba amitraz dzulo si wobayanso chinthu china mwachisawawa lero. Musadikire mawa ngati chilonda chaposa chikhatho, chili pafupi ndi diso, muli mphutsi zoyenda, galu wasiya kudya, kapena nsinini zake zayera m'malo mofiirira. Chomalizachi, pa galu wa nkhupakupa zambiri, chimaloza ku matenda a m'magazi omwe amapha m'masiku ochepa, ndipo pamenepo khungu lidikire, ayambe athandizidwa magaziwo.